Musanayatse makina opalira matabwa, dziwani chimene mukupala

Funso: Ndagula makina a magetsi opalira matabwa, ogwirapo kale ntchito, aja okhala ndi sandipepala wozungulira kunsi kwake. Ndikufuna kupala chitseko chakale ndi tebulo kuti ndichotse penti, kenako ndipake vanishi. Sindinagwirepo makina oterewa chiyambire. Mnzanga akuti palibe choopsa, ndingomanga kansalu kumphuno basi. Kodi akunena zoona? Nanga ndisamale chiyani?

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanayatse. Mnzanuyo sakukunamizani dala, chifukwa n'zoona kuti pa zida za magetsi za ukalipentala, makina amene mwagulawo ndi ofatsa. Sali ngati macheka a magetsi amene amachotsa chala munthu asanaphethire. Vuto lake n'lakuti kufatsa komweko ndiko kumapusitsa anthu. Munthu amaopa chomwe chimatulutsa magazi pompopompo, koma makina awa amavulaza mwakachetechete, kudzera m'fumbi, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka, munthu ataiwala kale za chitseko chija. Choncho ndiyamba ndi fumbi, ndipo ndikhalitsapo. Za kagwiridwe ka makinawo zibwera pambuyo, popeza zimenezo mudzazidziwa m'tsiku limodzi.

Mawu amene andiimitsa m'funso lanu ndi akuti "chakale" ndi "penti". Penti wambiri wakale, makamaka wamafuta wonyezimira uja wopaka zitseko, mawindo ndi mipando, ankathiramo mtovu kuti aziuma msanga komanso kuti mtundu wake uziwala. Pentiyo akakhala pachitseko osasenda, sasokoneza kwenikweni. Koma mukamuika pansi pa sandipepala wa makina, mumamusandutsa ufa wosalala umene umadzaza chipinda, kutera pansi, pa zovala, pa mbale, pa zidole za ana. Mtovu ukalowa m'thupi suchoka msanga, umakakhazikika m'mafupa. Kwa munthu wamkulu umawononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, koma amene umamupweteka koposa ndi mwana wamng'ono ndi khanda limene lili m'mimba, chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo, ndipo chimene chawonongeka pamenepo sichibwereranso. Bungwe la WHO limanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wokwawa amagwira pansi n'kuika zala m'kamwa. Sayenera ngakhale kukhalapo pamene mukupala kuti apwetekeke, fumbi lotsalira likwanira.

Dziko la United States linaletsa mtovu m'penti wa m'nyumba mu 1978. Mayiko ena ambiri anatsatira mochedwa kwambiri, ndipo alipo amene mpaka lero alibe lamulo lolimba pa nkhaniyi. Ndiye musadalire kuti chitseko chanu n'chosakalamba kwambiri. Ndiponso chitseko chimapakidwa kangapo pa moyo wake, penti wa pamwamba akhoza kukhala watsopano koma wa pansi ali wakale. Kuli timankhwala toyezera timene mumapaka pamalo pamene mwacheka penti mpaka kufika pathabwa, ndipo mtovu ukakhalapo timasintha mtundu. Ngati mungatipeze, yezani. Ngati simungatipeze, tengani ngati kuti mtovu ulimo.

Zikatero, makinawo asayandikire penti. Chotsani chitseko, mukachigoneke panja pamwamba pa pulasitiki yaikulu, mupake mankhwala ofewetsa penti, n'kumakanda ndi chitsulo chopalira. Pamene patsalira, palani ndi manja ndi sandipepala wonyowetsa ndi madzi kuti fumbi lisauluke. Zokandazo muzikulunge m'pulasitikiyo n'kumanga. Musayese kuwotcha penti ndi moto kuti asende, chifukwa utsi wake ndi woipa kuposa fumbi. Makina abwere thabwa litaoneka loyera. Ndipo kunena zoona, ngakhale pentiyo atakhala wopanda mtovu, njira iyi ndi yabwinobe. Penti akatenthedwa ndi kukhuzana amafewa n'kumata pasandipepala, ndipo mumapezeka mwataya mapepala asanu pa mbali imodzi ya chitseko.

Pali zina zimene sindilola kuti zipalidwe ndi makina, ndingozitchula mwachidule poti mudzakumana nazo ntchito ikakukomerani. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola, ena a iwo ali ndi arsenic, yemwe ndi poizoni. Malata, siling'i ndi matayilosi akale a asibesitosi musawakhudze n'komwe. Simenti, konkire ndi njerwa zimatulutsa fumbi la mchenga wosalala limene limaumitsa mapapo. Ndipo matabwa a MDF, opangidwa ndi ufa wa mtengo ndi guluu, amatulutsa fumbi losalala kwambiri kuposa thabwa wamba, choncho amafuna chitetezo chonse chimene ndifotokoze tsopano.

Tinene kuti penti wachoka, latsala thabwa lokhalokha. Anthu ambiri amati fumbi la mtengo n'lachilengedwe, silingapweteke munthu. Apa m'pofunika kusiyanitsa utuchi ndi fumbi. Utuchi wa macheka ndi waukulu, umagwa pansi nthawi yomweyo, ndipo wochepa umene walowa m'mphuno mumauyetsemula. Sandipepala satulutsa utuchi, amatulutsa ufa, ndipo gawo lina la ufawo ndi laling'ono kwambiri moti maso saliona. Limayandama m'chipinda kwa maola mutazimitsa kale makina. Mukafuna kutsimikiza, tsekani chitseko madzulo n'kuwalitsa tochi chopingasa m'chipinda momwe mwapaliramo masana, mudzadabwa ndi zimene mwakhala mukupuma. Fumbi limeneli limayambitsa mphumu mwa anthu amene analibe, limatupitsa khungu ndi maso, ndipo mitengo ina imachititsa thupi kudana nayo kotheratu, moti munthu akangoinunkhiza chifuwa chimabanika. Mu 1995 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbi la mtengo m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mphuno ndi m'timphako ta mafupa a kumaso. Umboni wamphamvu unachokera kwa opanga mipando amene anapuma fumbi la mitengo yolimba kwa zaka zambiri. Sindikukuopsezani kuti chitseko chimodzi chikupatsani khansa, ayi. Koma chizolowezi chimayamba pa ntchito yoyamba, ndipo amisiri amene ndawaona akuvutika ndi chifuwa atakula ndi omwe aja ankati tsiku limodzi silipweteka.

Nanga kansalu ka mnzanu kaja? Kamatsekereza utuchi waukulu, umene sunali woopsa kwambiri, n'kusiya ufa wosalala udutse m'timabowo ta nsalu ndi m'mbali mwa mphuno. Kuipa kwake, kamakupangitsani kudzimva kuti ndinu wotetezeka, ndiye mumakhalitsa m'fumbi. Masiki zopepuka zobiriwira kapena zabuluu za kuchipatala nazonso sizinapangidwire ntchito iyi, chifukwa sizigwira nkhope. Funani masiki yolembedwa N95, FFP2 kapena FFP3. Manambalawa ali ndi tanthauzo: N95 imayezedwa kuti izigwira magawo 95 pa 100 a tinthu ting'onoting'ono, FFP2 magawo 94, FFP3 magawo 99. Pa mitengo yolimba ndi MDF ine ndimasankha FFP3. Koma manambala onsewa amagwira ntchito pokhapokha masikiyo yamata bwino pankhope. Zingwe zonse ziwiri zipite kumutu, china pamwamba pa makutu china pakhosi, ndipo kachitsulo ka pamphuno mukakanikize ndi zala za manja onse kuti katsatire mphuno yanu. Kenako phimbani masiki ndi manja n'kupumira kunja mwamphamvu. Mukamva mphepo ikuthawira m'maso kapena m'masaya, ndiye kuti ndi momwemo fumbi lizilowera. Ndevu zimalepheretsa masiki kumata, ngakhale za masiku atatu okha. Chizindikiro chosanama mudzachiona madzulo pomina: mamina akatuluka ndi mtundu wa thabwa, masiki sinagwire ntchito yake. Dziwaninso kuti masiki ya fumbi siitsekereza fungo la mankhwala ofewetsa penti, thina kapena vanishi. Zimenezo zimafuna mpweya wambiri woyenda, kapena masiki ina ya zosefera za makala.

Komabe masiki ndi chitetezo chomaliza. Choyamba n'kugwira fumbi lisanafike pankhope. Tembenuzani makina anu muone kunsi: pali timabowo, ndipo sandipepala wake nayenso ayenera kukhala ndi timabowo tofanana nato. Makinawo ali ndi kafani mkati kamene kamakoka fumbi kudzera m'timabowomo kupita ku kathumba kakumbuyo. Mukamata pepala timabowo tosayang'anizana, kapena mukagula pepala lopanda mabowo chifukwa lotchipa, mwatseka njira yonseyo. Kathumbako muzikakhuthula kasanadzaze, kakafika theka basi, ndipo muzikhuthulira panja masiki ili kumaso. Ngati muli ndi makina opopa fumbi amene payipi yake ingalowe pamalo pa kathumbako, ndiye bwino kwambiri, kusiyana kwake mudzakuona ndi maso. Gwirirani ntchito panja pamthunzi ngati n'kotheka, mphepo ikuchokera kumbuyo kapena m'mbali mwanu, kutali ndi mawindo otsegula, zovala zoyanika ndi malo ophikira. Mukamaliza musasese mouma, ndipo musapemerere fumbi ndi kompuresa, chifukwa mukungolibwezera m'mwamba. Pukutani ndi nsalu yonyowa. Zovala zogwirira ntchito muzivule musanalowe m'nyumba kukanyamula mwana.

Maso ndi osavuta: valani magalasi oteteza okhala ndi zotchinga m'mbali. Magalasi owerengera sakwanira. Kamchenga ka sandipepala kakathothoka kamauluka ndi liwiro, ndipo kakalowa m'diso musatikite, tsukani ndi madzi oyera ambiri.

Makutu anthu amawaiwala. Mlingo umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amagwiritsa ntchito ndi madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yotetezeka imadulidwa pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 94 ndi ola limodzi. Makina a lamba, mtundu wina wa makina opalira umene sandipepala wake ndi lamba woyenda pa magudumu awiri, kawirikawiri amapyola 90, ndipo anuwo ngakhale ali ofatsirapo, phokoso limakula thabwa likamanjenjemera kapena mukalumikiza chopopera fumbi. Simufunika chida choyezera. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima pafupi nanu akumveni, valani zotseka m'makutu. Makutu akamalira mukamaliza ntchito ndiye kuti avulala kale pang'ono, ndipo kumva kukatayika mwanjira imeneyi sikubwerera.

Tsopano makinawo. Poti ndi ogwirapo kale ntchito, ayang'aneni asanalawe magetsi. Yendetsani chingwe m'manja kuyambira ku pulagi mpaka polowera m'makina, pamene chimakonda kuthyokera. Mukapeza pong'ambika kapena pomangidwa ndi tepi, chingwe chonsecho chisinthidwe ndi wodziwa za magetsi. Onani ngati swichi ikuyatsa ndi kuzimitsa bwino, ngati timipata tolowera mphepo sitinatsekeke ndi fumbi, komanso ngati mbale ya kunsi yomatapo pepala siinang'ambike kapena kutha mphamvu yogwira. Yatsani kamphindi muli mutawagwira bwino, mumvetsere. Kulira kwachilendo, fungo la kupsa kapena moto wambiri wothetheka mkati ndi zizindikiro zoti akaonedwe kaye. Gwiritsani soketi yotetezedwa ndi RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi mwamsanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Ziliponso zongolumikiza pa pulagi. Musaime ponyowa, ndipo chingwe chowonjezera chikakhala chokulungidwa pa gudumu muchitambasule chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha.

Lamulo limodzi limene sindinyengerera nalo aliyense: posintha sandipepala, zulani pulagi. Makina akakhala a batire, chotsani batire. Kuzimitsa pa swichi kokha sikukwanira. Ndipo musanalowetse pulagi, onetsetsani kuti swichi ili pozimitsa. Izi ndinaziphunzira ndi maso ndili wachinyamata pantchito. Magetsi anazima wina akupala ndi makina a lamba, batani lokhoma swichi lili lotsindika, iye n'kuwasiya pathebulo. Magetsi atabwera makinawo anathamanga okha ngati galimoto, n'kukagwera pansi pafupi ndi mapazi a mnyamata amene ankasesa. Palibe anavulala, koma kuyambira tsiku limenelo magetsi akazima chinthu choyamba chimene ndimachita n'kuzula pulagi.

Chitsekocho chikonzeni musanayambe. Chotsani zogwirira, loko ndi mahinjesi, ndipo misomali yotulukira muizule kapena kuikhomera mkati, chifukwa msomali umang'amba pepala ndi mbale yake komanso umathetheka moto. Chigonekeni pamalo olimba ofika m'chiuno kuti musawerame tsiku lonse. Tizidutswa ting'onoting'ono timangidwe ndi kilampu. Musagwire kathabwa ndi dzanja limodzi makina ali kudzanja lina, umu ndi momwe anthu amapalira nsonga za zala. Malaya akhale osalendewera, tsitsi lalitali limangidwe, mikanda ndi zibangili zichoke, chingwe chidutse paphewa kupita kumbuyo kwanu.

Makina a mtundu wanuwo amayenda mozungulira uku akugwedezeka timizere ting'onoting'ono, kufika maulendo pafupifupi 12,000 pa mphindi. Aikeni pathabwa kaye, kenako yatsani. Mukawayatsa ali m'mwamba, mbale imathamanga kwambiri ndipo ikatera imakumba dzenje looneka ngati mwezi. Pomaliza chitani mosemphana: anyamuleni akuyendabe, zimitsani, dikirani aime musanawaike pansi. Makina a lamba ndi osiyana, amenewo amayatsidwa ali m'mwamba n'kutsitsidwa pang'onopang'ono, manja onse awiri atagwira, chifukwa amakoka kupita kutsogolo. Lamba wakenso nthawi zambiri amakhala ndi muvi kumbuyo wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo pamene lamba amalowera m'makina ndi pamene pamakoka malaya kapena golovesi yokhwepa.

Cholakwa cha aliyense woyamba kumene n'kukanikiza. Mtima umati ndikakanikiza ntchito ifulumira, koma zimachitika zosiyana: mbale imachedwa kuzungulira, pepala limatentha, thabwa limadzaza timizere topotana timene timadzaonekera bwino vanishi akangopakidwa, ndipo mota imapsa. Kulemera kwa makina ndi dzanja lanu kukwanira. Yendetsani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mbale yonse itagona pathabwa, osapendeketsa kuti mukumbe banga limodzi. Ngati ntchito siikuyenda, vuto ndi pepala, mwina latha kapena mwayamba ndi losalala kwambiri. Nambala ya kumbuyo kwa pepala ikakhala yaing'ono ndiye kuti mchenga wake ndi waukulu. Pa chitseko chanu yambani ndi 80, mupite ku 120, mumalize ndi 180, osadumpha kuchoka pa 80 kufika pa 180 chifukwa pepala losalala silingafafanize zipsera za lokhakhala. Lembani timizere ta pensulo pathabwa lonse musanayambe nambala iliyonse, timizere tikatha ndiye kuti pamenepo pakwana. Pa tebulo samalani kwambiri. Matebulo ambiri ndi zitseko za m'kati sizikhala thabwa lenileni, zimakhala ndi kachikopa ka mtengo wokongola komatidwa pamwamba, kosakwana milimita imodzi kukhuthala kwake. Yang'anani m'mphepete. Ngati ndi choncho, iwalani za 80, yambani ndi 120 kapena 150 mopepuka, ndipo m'makona mupale ndi manja, popeza mukaboola kachikopako palibe chokonza.

Kukanikiza ndi kufinya chogwirira kulinso ndi vuto lina. Kunjenjemera kwa makina kumalowa m'manja, ndipo kwa anthu ogwira zida zotere tsiku ndi tsiku kumawononga mitsempha ya m'zala, moti zala zimachita dzanzi, kuyera kukazizira, n'kulephera kutola tinthu ting'onoting'ono. Gwirani momasuka, muzipuma pafupipafupi, ndipo mukamva zala zikuchita nyerenyere lekani kaye mpaka zitasiya.

Wina adzakuuzani kuti muike sandipepala pa grinder, makina aja odulira ndi kupalira zitsulo, kuti penti achoke msanga. Pa chitseko ndi tebulo musavomere. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi maulendo 11,000 pa mphindi mbali imodzi yokha, imakumba thabwa, imamwaza fumbi ponseponse popanda kathumba, ndipo ikakodwa pakona imadumphira kwa woigwira. Ndi chida cha zitsulo, chofuna chotchinga chake chisachotsedwe komanso disiki yolembedwa liwiro losachepera la makinawo.

Chatsala ndi moto. Fumbi la mtengo losalala limayaka mosavuta kwambiri, ndipo likakhala lambiri m'mwamba m'chipinda chotseka likhoza kuphulika. Musasute fodya kapena kuyatsa moto pamene mukupalira. Musapale chitsulo kathumba kali ndi fumbi la mtengo, chifukwa kamoto kamodzi kakalowamo kamanyeka mobisika n'kudzayaka usiku inu mutagona. Fumbi lochokera pa thabwa lopakidwa mafuta kapena vanishi chaposachedwa likhoza kudzitenthetsa lokha likaunjikana, choncho kathumba kasagone ndi fumbi, kakhuthuleni m'chitini chachitsulo panja tsiku lililonse.

Chimodzimodzi ndi nsanza zimene mudzapakire mafuta a matabwa, makamaka a linseed, kapena vanishi wamafuta. Mafuta amenewa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zikafinyidwa pamodzi n'kuponyedwa pakona kapena m'bini, kutenthako kumasowa kothawira mpaka zimayaka zokha popanda macheso. Mukamaliza kupaka, zitambasuleni imodziimodzi panja pa simenti kapena pa waya mpaka ziume gwa, kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chokhala ndi chivundikiro. Ndipo musapake vanishi tsiku lomwelo m'chipinda momwe mwapaliramo. Lolani fumbi litere usiku wonse, m'mawa mupukute pansi ndi nsalu yonyowa, thabwalo mulipukute ndi nsalu youma yoyera, kenako mutsegule chitini.